Agogo akapangidwa opaleshoni ya chiuno, musawakhazike pamphasa

Dzulo pa maliro ku Mabvuku ndaona amayi ena akuyalira agogo mphasa, chonsecho agogowo angowaika kumene mfundo yachitsulo m'chiuno. Abale anga, ulemu wotere ungawabwezere kuchipatala.

Nyamakazi ikadya kamnofu koterera ka pa mfundo, fupa limakhulana ndi fupa linzake, n'chifukwa chake ululu umafika m'mphechepeche mpaka m'bondo. Mankhwala ndi mafizo zikakanika, dokotala amadula mutu wa fupa la ntchafu, kulowetsa ndodo yachitsulo m'fupalo, kuikapo mpira wachitsulo kapena wa ceramic (dothi lowotcha lolimba kwambiri), kenako kachikho kokhala ndi pulasitiki wolimba mbali ya chiuno. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amawaimiritsa ndi ndodo tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mfundo zambiri zochita kuikidwazi zimatha zaka zoposa 15.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kunyumba. Minofu isanagwire bwino, makamaka masabata 6 oyamba, mpirawo ukhoza kuguluka munthu akanjuta, akapingasa miyendo kapena akakhala pampando waufupi woti mawondo akwera kuposa chiuno. Apezereni mpando wautali wa mikono, chimbudzi chikhale chokhalapo, ndipo m'kombi yothinana ayambe adikira. Mankhwala oletsa magazi kuundana amalize monga analembera dokotala, nthawi zambiri pafupifupi mwezi. Katumba wa mwendo akatupa, bala likatuluka mafinya, thupi likatentha kapena mpweya ukabanika, musadikire tsiku lokaonananso ndi dokotala lomwe anakupatsani, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.