Kamera ya maukwati inatifikitsa kunyanja

Bizinesi yathu ndi yojambula mavidiyo. Tili pa Kasungu boma, m'kachipinda komwe timagawana ndi telala, ndipo chimene chimatidyetsa ndi maukwati, zinkhoswe ndi miyambo yovundukula ziliza. Ndinayamba ndi kamera imodzi yogula kwa munthu, nditagulitsa fodya wa bale. Mlamu wanga ndi amene amagwira maiki ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta.

Za nyanja zinayambira pamsika. Mayi amene ndimawagula usipa anandiuza kuti ndisamawadandaule mulu ukachepa, chifukwa ku Nkhotakota komwe amakapikula nsomba zikusowa. Ndinafuna kukadzionera ndekha ndi kujambulako filimu. Tinasunga ndalama za maukwati anayi, n'kukwera minibasi pamsewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota.

Padoko loyamba palibe anatilola kujambula. Ankaganiza kuti tatumidwa kudzagwiritsa anthu osodza ndi neti za udzudzu. Tinatha masiku awiri kamera ili m'chikwama, tikucheza ndi akomiti ya padoko, kwinaku tikuthandiza amayi kuyanika usipa pathandala. Tsiku lachitatu agogo ena amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo anandikodola.

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

Nditati ku Kasungu, anasiya kusoka n'kundiyang'anitsitsa. "Ndiye mwabwera kudzafunsa ife? Kajambuleni kaye Bua wanuyo."

Mawu amenewo anandilasa mtima, ndipo ndi amene anasintha filimu yonse. Bua amachokera ku Mchinji, amadutsa kwathu kuno, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Mpasa umakhala m'nyanja koma umakwera mtsinje umenewu kukaikira mazira pa timiyala, m'madzi oyera. Ife kumtunda timadula mitengo ya zigafa, timalima madimba mpaka pagombe penipeni, ndipo mvula ikagwa dothi lonse limakokolokera mumtsinje n'kukwirira timiyala tija. Ndinakulira pafupi ndi Bua, koma zimenezi ndinakazimvera kwa msodzi.

Kuchoka apo tinalowera ku Salima, ulendo wa ku chilumba cha Mbenji m'dera la mfumu Makanjira. Kumeneko usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, kuti nsomba ziswane, ndipo mowa ndi chamba saloledwa pachilumbapo. Lamulo limeneli ndi la mafumu ndi eni dera, ndipo asodzi amalilemekeza. Utaka umene tinauona ukutsitsidwa m'maboti unali wokhwima bwino. Pobwerera mwera unatipeza pakati pa madzi, funde linalowa m'boti n'kunyowetsa chikwama, ndipo batire limodzi linatheratu pomwepo. Mlamu wanga anafumbatira memore khadi m'thumba la shuga mpaka kumtunda.

Tinamalizira m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Kamera ya pansi pa madzi tinalibe, ndiye tinaika foni m'botolo lapulasitiki lotseka bwino n'kujambula nsomba za mbuna zikusewera m'miyala. Zithunzi zake n'zogwedera pang'ono, koma ana amazikonda kuposa china chilichonse.

Ndalama zomwe tinalowetsa sizinabwerere zonse. Filimuyi timaionetsa ulere m'midzi ya m'mbali mwa Bua anthu akakolola, pogwiritsa ntchito projekita yobwereka ndi nsalu yoyera yopachika pakhoma la sukulu. Eni magolosale amatipatsako ya mafuta a jenereta tikawatchula tisanayambe, ndipo pamisonkhano yomweyo ndi pamene anthu amatifunsa za kudzajambula maukwati awo.

Mwezi wathawu, filimu ili mkati, bambo ena olima dimba anaimirira. "Achimwene, tabwezani pamene panali agogo aja." Tinabweza, anthu onse ali chete. Titamaliza anandiperekeza mpaka pa njinga yamoto, akundifunsa kuti nsungwi ndi mibawa yobzala m'mbali mwa mtsinje angaipeze kuti.