Nyimbo zitatu za m'kalasi zomwe zinatulutsa Adele

Temu ino pakosi yathu ya uphunzitsi wa nyimbo tapatsidwa ntchito yofufuza mmene woimba mmodzi anakulira mpaka kutchuka. Anzanga ambiri atenga oimba a kuno kwathu. Ine ndasankha Adele, woimba soul wa ku London, chifukwa mbiri yake yadutsira m'kalasi, ndipo ine ndine munthu wa choko.

Adele Adkins anabadwa pa 5 May 1988 ku Tottenham. Bambo ake anachoka pakhomo iye akadali kamwana, choncho analeredwa ndi mayi ake. Atasinkhuka anapeza ma CD a oimba a ku America Etta James ndi Ella Fitzgerald m'shopu, n'kuyamba kuwamvetsera mobwerezabwereza kuti agwire kakokedwe kawo ka mawu. Kenaka analowa BRIT School ku Croydon, sukulu yaulere ya zaluso yomwe inatsegulidwa mu 1991. Oimba Leona Lewis ndi Jessie J anaphunziranso komweko.

Pamene pandigwira mtima ndi apa. Ali pasukulupo anajambula nyimbo zitatu monga ntchito ya m'kalasi, yongofunika mamakisi basi. Mnzake anaziika pa tsamba la pa intaneti la Myspace (ana a TikTok, funsani akuluakulu anu), a kampani ya nyimbo ya XL Recordings anazimva, ndipo mu 2006, chaka chomwe anamaliza sukulu, anamusainitsa. Zotsatira zake zinathamanga: chimbale chake choyamba chotchedwa 19 mu January 2008, kuimba papulogalamu ya pa TV ya ku America ya Saturday Night Live mu October chaka chomwecho usiku womwe wandale wotchuka Sarah Palin analinso papulogalamuyo, ndi mphoto ziwiri za Grammy mu 2009.

Kuno ku Chipata mawu sasowa. Lowani m'tchalitchi cha Reformed Church in Zambia (RCZ) kapena cha Katolika Lamlungu, kapena gonani pamaliro mumve amayi akamayambitsa nyimbo m'bandakucha. Koma kwaya imaphunzitsa mwana kutsatira: uyu soprano, uyu alto, akwayamasitala akweza dzanja onse ziii. N'zabwino, ine ndemwe ndinakulira m'menemo. Chomwe sitimuuza mwanayo n'chakuti apeke yakeyake.

Kusukulu nakonso n'chimodzimodzi. Komwe ndinachitira teaching practice, phunziro la nyimbo linali kukopera manotsi pabolodi, crotchet ndi minim, pomwe kiyibodi ili phee m'katoni mu ofesi poopa kuti ana aiwononga. Mtsikana wina wakumbuyo ankagogoda desiki ndi bolopeni, akung'ung'udza kanyimbo komwe sindinakamvepo kwina kulikonse. Belu litalira anatseka buku n'kutuluka nako.

Adele analemba "Hometown Glory" ali ndi zaka 16, mayi ake atamuumiriza kuti akaphunzire kuyunivesite kunja kwa London. Anayankha ndi nyimbo yonena za kwawo. Mwana wa m'makomboni a Kapata, Mchini kapena Nabvutika alinso ndi zoti anene: anyamata onyamula anthu panjinga, malole opita kumalire a Mwami, agogo odikira ndalama za chimanga. Koma akapeza kangachepe kolipira situdiyo ya m'komboni, amakaimba za magalimoto omwe sanakwerepo, m'Chingerezi chobwereka.

Sindikudzinamiza ayi. London ili ndi makampani a nyimbo pakhomo, ife Lusaka yeniyeniyo ndi ulendo wa tsiku pabasi. Ambiri omwe anadutsa pa BRIT School sitinawamvepo n'komwe. Komabe chomwe mphunzitsi wa Adele anachita, kupereka ntchito yopeka ndi kujambula, sichifuna boma kuti chitheke.

Choncho mu sikimu yanga ya temu yamawa ndaikamo kuti gulu lililonse la ana lipeke nyimbo imodzi m'Chinyanja, Chinsenga kapena Chitumbuka, yonena za komwe amakhala. Mamakisi adzagawika pa mawu a nyimboyo, chuni ndi kaimbidwe. Popeza ana saloledwa kubwera ndi foni, tidzajambulira yanga, ndipo makolo ndi ahedi akavomera, yomwe yapambana ndidzaipititsa ku wayilesi ya Breeze FM.