Kamnyamata kachibwibwi kaimba lero

Ndangobwera kumene kokaonerera sewero la ana asukulu, misozi sinaume mpaka pano. Kamnyamata kena kachibwibwi, kamene kamavutika kutchula ngakhale dzina lake m'kalasi, lero kaimba nyimbo yonse osadodoma paliponse. Aphunzitsi ake andiuza kuti achibwibwi ambiri akamaimba lilime limamasuka, chifukwa kayendedwe ka nyimbo kamawatsogolera popuma ndi potulutsa mawu.

Ndiye zimandiwawa kuti mayeso akayandikira, nthawi ya nyimbo ndi zisudzo ndiyo imayamba kulandidwa, ati n'zosewera chabe. Zosewera bwanji? Pamenepo mwana akuloweza mawu, akuwerengera kugunda kwa ng'oma, akudikira mnzake amalize kaye asanayankhe, akuima pamaso pa anthu osanjenjemera. Aphunzitsi athu, chonde, musamalidule phunziro limeneli, kuyambira kusukulu ya mkaka mpaka kusekondale.