Nyemba, chimanga ndi nandolo pa mphasa

Dzulo usiku zinandilowa m'mutu, moti ndagona tulo tokoma koyamba m'masabata awiri. Chomwe chimandizunguza ndi ichi. Padziko lonse mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 5 m'zaka za m'ma 1960, lero ali pa 2.3, pafupi kwambiri ndi ana awiri ongolowa m'malo mwa makolo awo. Koma mu Novembala 2022 tinakwana 8 biliyoni, ndipo a United Nations akuti tipitirira mpaka cha m'ma 10 biliyoni m'zaka za m'ma 2080. Anthu akulera koma akuchulukabe. Zitheka bwanji?

Aphunzitsi athu anangoti "population momentum", n'kuonetsa silaidi imodzi, n'kutiuza kuti zotsalazo tikawerenge tokha chifukwa nthawi yatha. Nthawi imatha tsiku lililonse m'kalasi lija. Tinatha masabata atatu tikuloweza matanthauzo amene aliyense anawaphunzira kusekondale, koma chinthu chomwe phunziro lonse latsamirapo chinapatsidwa mphindi ziwiri. Zimandiwawa ndithu, chifukwa ena alowa m'mayeso atangoloweza mawu awiriwo osadziwa chomwe akunena.

Magetsi atazima ndinayala mphasa, ndinayatsa tochi ya pafoni, n'kutenga zomwe zinali m'khitchini. Ndinapanga mudzi wongoyerekeza, kuwerenga akazi okhaokha. Mzere wapamwamba nyemba 10, amenewo agogo. Wapakati chimanga 30, amayi. Wapansi nandolo 60, atsikana amene sanayambe kubereka. Ndiye ndinati nandolo aliyense abereke ana awiri okha, wamkazi mmodzi. Ndinachotsa nyemba 10 zija, agogo apita. Pansi ndinayika mzere watsopano, 60. Kuwerenga: mudzi wa anthu 100 wafika 150, chonsecho palibe amene wabereka mwana wachitatu. Ndinabwereza. Chimanga 30 chachoka, 60 alowa, 180. Ulendo wachitatu ndi pomwe unaima, 60 kutuluka, 60 kulowa.

Ndinakhala chete ndikuyang'ana mphasa ija. Iyi ndiye "population momentum" ija: chiwerengero cha mawa chinabadwa kale, chikusewera fulaye panja. Amayi a zaka khumi zikubwerazi tili nawo kale, ndipo ndi ambiri kuposa amayi awo. Kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, kuchoka pa 13 miliyoni mu 2008, ndipo theka la anthuwo anali asanakwanitse zaka 18. Ndiwo nandolo anga aja. Kwathu kuno ku Malawi sitinatsike n'komwe kufika pa ana awiri, kafukufuku wa 2015-16 anapeza 4.4, ngakhale kuti tatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992.

Ine ndatsimikiza kuti chilichonse cha manambala chimamveka ukachigwira ndi manja. Mabuku, mavidiyo, magulu okambirana, zonsezo sizinandithandize kufika pomwe nandolo anandifikitsa m'mphindi makumi awiri. Ndikanakhala ine, phunziro lililonse la chiwerengero cha anthu bwenzi likuyambira pa mphasa.

Koma nkhaniyi yandisokonezera nkhani yomwe ndimafuna kulemba ya asayimenti. Funso likuti m'badwo uti uli ndi udindo pa kuwonongeka kwa chilengedwe, ndipo ine ndinali nditawaloza kale chala agogo. Agogo anga aakazi anabereka ana khumi, atatu anawaika m'manda asanayambe kuyenda. Munda umene ankalima okha lero tagawana mabanja asanu ndi limodzi, ndipo msuweni wanga akulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Ndinkati apa mlandu ndi woonekeratu. Koma m'nthawi yawo boma la Kamuzu silinkalola za kulera, mpaka 1982 pomwe linavomereza zotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Ndipo ngakhale mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mayi woika ana m'manda chonchi ungamuuze kuti abereke awiri? Akamati ana ndi chuma sankanena mwambi chabe, ankanena za amene adzawatungire madzi atakalamba.

Kenako ndinaona kuti mpweya wa carbon dioxide, womwe ukutenthetsa dziko, nawo umayenda ngati mphasa yanga ija. Umaunjikana, umakhala mumlengalenga zaka mazanamazana. Utsi wa malasha omwe mafakitale a ku Britain ankawotcha m'zaka za m'ma 1800, gawo lake lidakalipo. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi matani 0.1 pachaka, wa ku America amapitirira matani 10. Ndiye kungowerenga mitu ya anthu sikukwanira. Namondwe Freddy atagumula matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu amene anafa si amene anadzaza mlengalenga ndi utsi.

Apa ndinkafuna kupuma ndi kunena kuti olakwa ndi a kunja ndi a kale. Koma mitengo ya m'mapiri a Blantyre sanadule a ku London. Nyemba zomwe ndinasewera nazo ndaphika lero pa mbaula, ndi makala ogula kwa bambo amene amakankha njinga yodzaza matumba kuyambira mbandakucha. Sindinawafunse komwe anadula mtengowo. Ndipo mzere wa nandolo uja ndi ife, ine ndi anzanga a m'kalasi, amene zomwe tisankhe zidzaoneka tili nyemba za mzere wapamwamba, kapena titachotsedwa kale pa mphasa.

Asayimenti ikufunika Lachisanu ndipo ikufuna nditchule m'badwo umodzi. Agogo sankadziwa ndipo analibe chosankha. Ife tikudziwa, koma gasi ndi wodula ndipo magetsi sadalirika. Kaya kudziwa kokha n'kokwanira kuti munthu asenze mlandu, kaya pamafunikanso kuti akhale ndi pothawira, apo ndiye sindinafikepo. Ndalemba ndime yoyamba katatu, ndafufuta katatu.