Tsiku limene a msungichuma anasanduka mfiti ya seva

Gulu lathu la maliro ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, lili ndi webusayiti yoonerapo zopereka. Umalowa ndi nambala ya foni ndi password, n'kuona ngati ndalama yako ya mwezi yalembedwa. Anaipanga mnyamata wina pa Node.js (poyendetsera pulogalamu ya pa seva) ndi PostgreSQL (database, nkhokwe yosungira zolembedwa), kenako anapeza ganyu ku Cape Town n'kundisiyira ine makiyi.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, holo ili thothotho, a tcheyamani anati a msungichuma alowe kuti tonse tione maakaunti pakhoma. Madala aja anayamba kujompha kiyibodi ndi chala chimodzi. Yakana. Ayesenso, yakana. Atafika ka 10, webusayiti inangoti zii, kagudumu kakungozungulira, ndipo aliyense woyesa pa foni yake anaona zomwezo.

Ndinazimitsa pulogalamu n'kuiyatsanso, zonse myaa, anthu m'manja. A msungichuma anakhalanso pampando, ndipo pasanathe mphindi zochepa yafanso. Mayi wina kumbuyo anati madalawa ali ndi chizimba chobisira maakaunti. Wina anati ayi, wadya ndalama ndi wa laputopuyo. Anyamata awiri amphamvu anakaima pakhomo, akuti "kupitidwa mphepo".

Database yokha inali bwino, chifukwa psql, pulogalamu yolankhulira ndi database mwachindunji, inalowa nthawi yomweyo. Mu pg_stat_activity, momwe database imaonetsa amene alumikizana nayo, ndinapeza ma connection (njira zolankhulirana pulogalamu ndi database) 10, onse olembedwa idle, kutanthauza kuti akungokhala, ndipo query (funso lopita ku database) yomaliza ya aliyense inali SELECT (lamulo lowerenga) imodzimodzi ya pa tebulo la users. Pulogalamu itasindikiza manambala a pool, mosungira ma connection obwerekana, totalCount (onse) inali 10, idleCount (opanda ntchito) 0, waitingCount (odikira) ikungokwera. Database ikati ma connection akungokhala pomwe pulogalamu ikuti onse ali pa ntchito, dziwani kuti wina watenga osabweza.

Pool ili ngati makapu a tiyi pamaliro: alipo owerengeka, ukamwa ubweze kuti mnzako amwere. Library ya pg, yomwe imalumikiza Node.js ndi PostgreSQL, ukapanda kuiuza, imasunga ma connection 10 okha, ndipo connectionTimeoutMillis yake, malire a nthawi yodikira connection, ndi 0, ndiye kuti wodikira adikire mpaka kalekale. N'chifukwa chake panalibe uthenga wa vuto ngakhale umodzi. Mu khodi ya login munali pool.connect() yotenga connection, SELECT, kenako bcrypt.compare yoona ngati password ndi yolondola. Password ikalakwika, pulogalamu inkayankha 401, nambala yokana wolowa, n'kutuluka pomwepo, koma client.release(), wobweza connection, ali pansi penipeni, pofika olowa bwino okha. Kulakwitsa kulikonse kunkapita ndi connection imodzi. Chimene chinabisa matendawa nthawi yonseyi ndi ka cron komwe mnyamata uja anaika koyatsanso pulogalamu usiku uliwonse. Ameneyo ankadziwa, ndikulumbira.

A tcheyamani anandiweramira. "Achimwene, bwanji osangoika 1,000?"

"Bambo, PostgreSQL imabwera ndi max_connections ya 100. Tikapyola ikana ndi uthenga wa too many clients, ndipo madalawa 100 yomweyo aimaliza dzuwa lisanalowe."

Kukonza kwake kunali kwa mizere yochepa. Ndinachotsa connect() n'kuika pool.query(), yomwe imabweza connection yokha SELECT ikangotha, motero bcrypt, yomwe imachedwa dala, imawerenga osagwira connection. Pomwe pali transaction (ma query oyendera limodzi), monga polemba zopereka, release() ndinamuika mu finally, gawo la khodi lomwe limayenda zivute zitani. Timeout ndinaika 5000, kuti zikadzavuta tidzaone vuto m'masekondi 5. Kenako ndinalemba password yabodza mobwerezabwereza, waitingCount ili pa 0.

Koma a msungichuma anali asanalowebe. A tcheyamani anati ndingowerenga password yawo mu database. Ndinawaonetsa zilembo 60 zoyamba ndi $2b$, n'kufotokoza kuti imeneyo ndi hash, siibwerera m'mbuyo, chotheka n'kuika password yatsopano basi.

Apo mayi a kunyumba kwa a msungichuma anadzuka, akukonza chitenje. "Musavutike. Bambowa anandiuza okha kuti password yawo ndi dzina langa." Analemba dzina lawo mosamala. Yakana. Analemba ndi zilembo zazikulu, yakana. La kwa makolo awo, yakananso, seva ili njo, ikuyankha 401 mwaulemu wake. Mayi aja anavula magalasi n'kutembenukira amuna awo.

"Ndiye ndi dzina la ndani?"

Ine ndinapinda laputopu n'kukakwera taxi ya ku tauni.