Zikomo anamwino a pa Chipata Central

Amayi anga, a zaka 74, anaterereka pamatope pochokera kudimba kwathu ku Katete, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Atawachita opaleshoni anangotembenukira kukhoma, nsima osaikhudza, ati kuyenda kwawo kwathera pomwepo.

Inu anamwino a mu wodi ya azimayi, ndasowa mawu. Munkawatembenuza usiku kuti asachite zilonda za pabedi, ndipo tsiku lachiwiri munawaimiritsa ndi chogwirira, kuopa kuti magazi angaundane m'miyendo. Sindidzaiwala asisitala ena atagwada pambali pa bedi: "Amama, lero tingofika pazenera, mawa pakhomo. Nshawa zanu zikukudikirani kumunda." Amayi anaseka koyamba chigwereni, ine misozi mbwee.

Dzulo afika okha pankhokwe, ndodo kumanja. Mulungu akudalitseni nonse.