Galaja yanga ku Chitakale: sabata yachitatu, ndidakali pa choko

Patha masabata atatu chiyambire ntchito yosandutsa galaja kukhala malo anga opalira matabwa ndi kuwotcherera zitsulo, koma sindinakhome ngakhale msomali umodzi. Ndachita dala. Loweruka lapitali ndinatulutsa zonse panja, matumba a chimanga, makasu, njinga yamoto, ndinasesa bwinobwino, kenako ndinagwada pansi ndi tepi ndi choko.

Galajayi ndi ya mamita 6 m'litali ndi 3.6 m'lifupi. Chitseko chachikulu chinayang'ana kumsewu, kumbuyo kuli zenera limodzi loyang'ana kuphiri la Mulanje, ndipo chakumanzere kuli kachitseko kolowera m'nyumba. Papepala ndinali nditaika benchi ya matabwa ndi tebulo lowotchererapo mondondozana khoma limodzi, poti soketi ilipo imodzi yokha ndipo ili khoma lomwelo.

Ankolo anga, amene anagwira ukalipentala zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anafika dzuwa litapendeka. Pepala lija analiyang'ana osanena kanthu. Anangoti ndiwapatse gilayinda ndi kachidutswa ka angle iron, ine ndikaime kuzenera. Atayamba kudula, timoto tinathetheka kuchokera pakhomo mpaka tina tinadzagwera pa nsapato zanga, tina kumagubuduka pasimenti tidakali tofiira.

"Waona iwe?" anatero. "Pamene waimapo ndi pamene ukufuna kuunjika utuchi."

Gilayinda yaing'onoyi, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Malangizo a chitetezo pa ntchito zamoto amati chilichonse chosachedwa kuyaka chikhale kutali mamita 10 kapena 11. Ine ndili ndi 6. Ndiye kutalikitsa kokha sikungandithandize. Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo n'chakuti utuchi suyaka nthawi yomweyo kuti uwuone. Umanyeka pansipansi ngati moto wa kudzala, iwe n'kutseka galaja, kusamba, kudya nsima, kugona. Kuseri kwa khoma lakumanzerelo kumagona ana anga.

Zitsulo nazonso zimawononga matabwa, zimene poyamba sindinkaziganizira. Fumbi la chitsulo likagwera pa bulugamu wopala kale, pakafika kachinyezi pamatuluka timadontho takuda tosachoka ndi nsalu. Likalowa m'thabwa limabunthitsa mpeni wopalira. Dontho la oilo nalo limakanitsa vanishi kugwira.

Choncho ndinafufuta zonse n'kujambulanso. Mamita awiri oyamba kuchokera pachitseko chachikulu ndi a zitsulo basi. Tebulo lowotchererapo ndiliika timatayala kuti ndizilikankhira panja, ndipo podula ndizipereka msana kumatabwa kuti timoto tizithawira kubwalo. Utsi nawonso uzituluka msanga, makamaka wa mapaipi opaka zinki umene umadwalitsa mutu ndi kuphwanya thupi. Vuto ndi mvula, ndipo ya kuno ku Mulanje mukuidziwa. Kuwotcherera utaponda ponyowa n'kuitana ngozi ya magetsi, ndiye panja pakufunika kakhonde ka malata atatu kapena anayi. Ndalama yake sinali m'mutu mwanga, koma ndaiwerengera tsopano.

Pamalire ndiimika chotchinga cha malata akale pa fulemu yachitsulo, chopindika ndi mahinjesi. Mnzanga wina anati ndingopachika lona wa pulasitiki. Ayi, ameneyo timoto timamuboola ndipo akhoza kuyaka. Komabe chotchinga chenicheni ndi tsiku: lamatabwa ndi lamatabwa, lazitsulo ndi lazitsulo. Ndisanayatse makina ndizisesa utuchi wonse n'kuutulutsa, ndipo ndikamaliza ndizikhala momwemo theka la ola, kupukuta zida uku ndikununkhiza. Ndowa ya mchenga ndi chozimitsira moto zikhala pafupi ndi kachitseko ka m'nyumba, poti munthu akamva fungo usiku adzalowera pamenepo. Petulo, thina ndi vanishi zasamukira kukasitolo kakuseri, pamodzi ndi njinga yamoto.

Mamita atatu akumbuyo ndi a matabwa. Benchi ikhala pansi pa zenera, yotalika mita 1.8, mulifupi masentimita 60. Msinkhu wake ankolo sanafune kumva za m'mabuku. Anandiimika chilili, manja ali pansi, n'kuyeza kuchokera pasimenti kufika pamfundo ya dzanja, ndipo tinapeza masentimita 86. Benchi ikatalika kwambiri umapala ndi mapewa m'malo mwa thupi lonse, tsiku lisanathe watopa. Kuzenerako ndakusankha chifukwa magetsi akazima macheka, tchizulo ndi chopalira chamanja zimagwirabe ntchito, bola kuwala kulipo. Komanso m'mawa kukayera phiri lonse limaonekera pamenepo, ndipo ndikufuna ndiziliona ndikamapala.

Chimene chinandithandiza koposa ndi nsungwi. Zitsulo za kuhadiweya, kaya angle iron kaya machubu, zimabwera zotalika mamita 6. Ndinadula nsungwi ya muyezo womwewo n'kuyesa kulowa nayo. Inalowa, koma chitseko sichinatsekeke, ndipo kuitembenuza kunali kosatheka. Kuzisunga panja ndi kupereka kwa dzimbiri ndi kwa akuba, ndiye ndizidulitsa pakati komweko ku Limbe, zizibwera za mamita atatu, ndiziika pamashelefu a khoma lakumanja. Ndinalumikizanso makatoni kufika muyezo wa pulayiwudi, mamita 2.44 ndi 1.22, n'kuyenda nawo m'mizere ya choko ija. Pamenepo ndinapeza kuti kabati imene ndinaijambula pakati ikutseka njira. Ndinaisunthira pakona.

Kabatiyo ndi yofunika chifukwa cha chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nkhungu ndi kamvula kowaza zimatha kukhala masiku angapo, ndipo tchizulo yosiyidwa pabenchi imadzuka itachita dzimbiri. Zida zonse zakuthwa zizigona m'kabati yotseka, yotsamira khoma la m'nyumba lomwe ndi louma, zitapakidwa kaoilo. Marodi owotcherera a mtundu wa 6013 ndiziwasunga m'chitini chotseka kwambiri, poti akayamwa chinyezi amalavula ndipo msoko umatuluka ndi timabowo. Matabwa sagonanso pansi. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, madzi analowa m'galajamu mpaka mu akakolo, ndipo matabwa a paini amene ndinaunjika pasimenti anapindika onse. Ife tinataya matabwa chabe, anzathu m'boma lino anataya abale ndi nyumba. Shelefu yotsikitsitsa tsopano iyambira masentimita 40 kuchokera pansi, pakati pa thabwa ndi thabwa pali timitengo kuti mpweya uzidutsa, komanso kuti chiswe ndizichiona chisanafike patali.

Pa nkhani ya matabwa ndinene chimodzi. Anthu atamva kuti ndikukonza malo opalira, wina anabwera madzulo kudzandinong'oneza kuti akhoza kundipezera mkungudza. Ndinakana. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu kuyambira 1984, kwawo kwenikweni ndi phiri lokhali padziko lonse, ndipo watsala pang'ono kutheratu. M'nyumbamu muli bokosi la mkungudza la malemu bambo anga, mpaka lero ukalitsegula limanunkhira, ndipo limenelo landikwanira. Paini ndi bulugamu zilipo, mbawa ndizigula ndikapeza yovomerezeka.

Za magetsi sindikhudza ndekha. Soketi ya ma amp 13 singasenze makina owotcherera pamodzi ndi zina zonse, ndiye wamagetsi abwera Lachitatu kudzakoka waya wapadera kuchokera pabokosi, wokhala ndi breaker yakeyake, switchi yozimitsa yokha magetsi pakavuta. Ndamulembera pakhoma malo a masoketi anayi, onse pamwamba pa msinkhu wa benchi.

Mayi a kunyumba apempha zinthu ziwiri, kuti kachitseko kaja kasatsekedwe ndi chilichonse, ndi kuti chimanga chipezeredwe malo ouma chisanachoke. Zonse ndavomera. Choko ndichisiya pansi sabata inanso, ndiziyenda m'mizeremo m'mawa uliwonse. Chatsala ndi vaisi yaikulu, chopanira zitsulo, imene ankolo andipatsa: ndikaimanga pa tebulo la matayala izigwedera pocheka, ndikaimanga pakhoma itenga malo a mashelefu. Loweruka abweranso kuti tiyese kukumbira chitsulo chake pansi, pafupi ndi chitseko chachikulu.